Mwasiya fodya koma mtima wagwa: zoyenera kudya, ndi mapiritsi oti musagule mwachisawawa

Anthu akamakulimbikitsani kusiya fodya amakamba za mapapo, za khansa, za ndalama zimene muzisunga. Chimene sakuuzani n'chakuti sabata yoyamba kapena yachiwiri mukhoza kudzuka m'mawa opanda chilakolako cha chilichonse. Ntchito ikukutopetsani musanaigwire n'komwe, mwana akafunsa kanthu kakang'ono mwamukalipira kale, usiku tulo sitikubwera, ndipo mumtima muli chisoni choti simukudziwa kumene chachokera. Ine ndinasuta zaka zambiri, kuyambira chingambwe cha kwathu ku Kasungu mpaka ndudu zogula imodziimodzi paokala nditayamba uphunzitsi, ndipo chimene chinkandivuta kwambiri posiya sichinali chibaba ayi, chinali chisoni chimenechi. Chibaba chimabwera n'kupita pa mphindi zochepa. Chisoni chimagona nanu, chimadzuka nanu.

Ndimaphunzitsa Biology kusekondale, ndiye ndiloleni ndiyambe ndi zimene zikuchitika m'mutumo, chifukwa munthu ukadziwa chimene chikukupweteka umachita nacho mantha pang'ono. Mukakoka utsi, chikonga chimafika muubongo pasanathe masekondi 20, n'kuchititsa kuti ubongo utulutse dopamine, amene amakupatsa chisangalalo ndi chidwi chochita zinthu. Pakangotha maola awiri, theka la chikonga chija limakhala latha m'magazi, n'chifukwa chake wosuta sachedwa kufuna ina. Pali chinanso chimene ambiri sachidziwa. Mu utsi muli zinthu zimene zimafooketsa enzyme yotchedwa MAO, imene ntchito yake n'kuphwanya dopamine ndi serotonin (chinthu china cha muubongo chothandiza kukhazikitsa mtima). Mu 1996 akatswiri a ku Brookhaven ku America anajambula ubongo wa anthu osuta n'kupeza kuti mtundu umodzi wa enzyme imeneyi, MAO-B, unali wochepa ndi pafupifupi 40 pa 100 poyerekeza ndi anthu osasuta. Mankhwala ena akale a matenda ovutika maganizo ankagwira ntchito potsekereza MAO yemweyo. Ndiye wosiya fodya wasiya zinthu ziwiri tsiku limodzi: chikonga, komanso kamankhwala kofooka kokweza mtima kamene amamwa osadziwa. Ubongo umakhala ngati munda umene unazolowera feteleza. Chaka choyamba chopanda feteleza chimanga chimachita chikasu, si kuti nthaka yafa.

Zizindikirozi zimafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu, ndipo kwa anthu ambiri zimazirala pakati pa masabata awiri ndi anayi. Mu 2014 magazini ya zachipatala ya BMJ inafalitsa kafukufuku wosonkhanitsa maphunziro 26, ndipo anapeza kuti pakadutsa masabata asanu ndi limodzi kapena kuposa, anthu amene anasiya amakhala ndi nkhawa ndi kukhumudwa kochepa kusiyana ndi amene anapitiriza kusuta. Zakudya sizichotsa masabata ovutawo. Ntchito yake n'kukugwirani dzanja kuti muwadutse osabwerera paokala.

Yambani ndi tiyi

Izi ndaziika patsogolo chifukwa n'zaulere ndipo zotsatira zake mumaziona msanga. Utsi wa fodya umachititsa chiwindi kuphwanya caffeine, chinthu chothamangitsa tulo cha mu tiyi ndi khofi, mofulumira kwambiri. Mukasiya, pakangopita masiku ochepa chiwindi chimabwerera pa liwiro lake, ndipo makapu atatu a tiyi amene munazolowera amakhala ngati mwamwa asanu kapena asanu ndi limodzi. Mtima umagunda, manja amanjenjemera, simukhazikika, usiku mukungotembenuka. M'mawa mwake mwatopa, mwakhumudwa, ndipo mukuti vuto ndi kusowa kwa fodya, pamene gawo lina ndi tiyi uja.

Dulani pakati kuyambira tsiku loyamba. Ngati mumamwa makapu anayi, imwani awiri, ndipo masamba athireni pang'ono. Musasiyiretu kamodzin'kamodzi, mutu udzakupwetekani n'kuwonjezera mavuto pa mavuto. Ikangodutsa nthawi ya nkhomaliro, tiyi, khofi, Coca-Cola ndi zakumwa zija zopatsa mphamvu za m'zitini zilekeni. Madzulo ine ndinkamwa madzi otentha ofinyira ndimu, kapena mkaka wofunditsa ukapezeka. Amene ali ku South Africa ali ndi mwayi wa tiyi wa rooibos, amene alibe caffeine. Dziwaninso kuti chimene chimafulumizitsa chiwindi ndi utsi, osati chikonga, choncho ngakhale mukutafuna chingamu cha chikonga kapena mwamata kachigamba pamkono, tiyi muchepetsebe.

Njira yomweyo ya m'chiwindi ndi imene imaphwanya mankhwala ena, monga clozapine ndi olanzapine a matenda a maganizo, ndi theophylline kapena aminophylline a mphumu. Amene mumamwa amenewa muwauze adokotala musanasiye fodya, chifukwa mlingo umene unali wabwino mukusuta ukhoza kukhala wochuluka mutasiya.

Musadikire njala

Osuta ambiri sadya m'mawa. Ndudu ndi kapu ya tiyi, basi, mpaka masana, chifukwa chikonga chimapha njala. Mukasiya n'kupitiriza khalidwe lomwelo, pofika 10 koloko m'mimba muli mbee, mutu ukuzungulira, ndipo ubongo umene unazolowera kuti vuto lililonse yankho lake ndi ndudu umakuuzani kuti mukufuna kusuta. Nthawi zambiri mukufuna kudya.

Idyani musanatuluke m'nyumba, ngakhale simukumva njala. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi limene ine ndinapeza kuti limandisunga mpaka masana osagwedezeka. Mbatata yophika ndi dzira limodzi imachitanso chimodzimodzi. Mandasi awiri ndi tiyi wa masupuni atatu a shuga amakukwezani msanga n'kukugwetsani msanga, ndipo pogwa pajapo m'pamene chisoni chimalowera. Masana ndi madzulo musadumphe chakudya. Pakati pake muzikhala ndi kanthu m'thumba limene munkaikamo ndudu: mtedza wokazinga, nthochi, kapena chimanga chootcha cha m'mbali mwa msewu, chimene chimakupatsa ntchito yokonola ndi zala kwa nthawi yaitali kuposa ndudu. Nzimbe nazo zimagwiritsa ntchito pakamwa ndi manja onse awiri, ngati mulibe matenda a shuga.

Za kunenepa musadzivute nazo panopa. Anthu osiya fodya amawonjezera makilogalamu anayi kapena asanu m'chaka choyamba, ambiri mwa iwo m'miyezi itatu yoyambirira, ngakhale ena sawonjezera n'komwe. Kudzimana chakudya pamene mukudzimananso fodya ndi njira yachidule yobwerera ku zonse ziwiri. Thupi mudzalikonza mtima ukakhazikika.

Zimene zili m'mbale

Kafukufuku wodziwika bwino pa nkhani ya zakudya ndi kuvutika maganizo anachitikira ku Australia, motsogozedwa ndi Felice Jacka wa ku Deakin University, ndipo anatuluka mu 2017 ndi dzina lakuti SMILES. Anatenga anthu 67 odwala matenda ovutika maganizo. Gulu lina linathandizidwa kusintha kadyedwe kwa masabata 12: masamba ambiri, zipatso, nyemba, nsomba, mtedza, ufa wosakonola, ndi kuchepetsa zotsekemera ndi zokazinga. Gulu linalo linkangochezeredwa. Pamapeto pake 32 pa 100 a gulu losintha zakudya anapeza bwino, pamene gulu linalo anali 8 pa 100. Anthu 67 ndi ochepa, sanali osiya fodya, ndipo ambiri mwa iwo ankamwanso mankhwala kapena kulandira uphungu, ndiye tisalikuze kuposa msinkhu wake. Chimene chinandisangalatsa ine n'chakuti mndandanda wa zakudya zawozo, ukachotsapo mafuta a olivi, ndi msika wathu uno weniweni.

Tiyambe ndi nsomba zing'onozing'ono. Usipa, matemba, utaka, kapena kapenta kwa anzathu a ku Zambia ndi ku Zimbabwe. Timazinyoza kuti ndi ndiwo za kumapeto kwa mwezi, koma popeza timadya yonse ndi mutu ndi minga yomwe, timapezamo vitamini B12, calcium, ayironi ndi mafuta a omega-3, zimene ubongo ndi magazi zimafuna. Kawiri kapena katatu pa sabata n'zokwanira. Amene muli ku Johannesburg, nsomba za m'chitini zija za pilchards zikugwirirani ntchito yomweyo.

Kenako nyemba, nandolo, khobwe ndi nzama, pamodzi ndi masamba obiriwira: bonongwe, nkhwani, chisoso, kholowa, mpiru. Muli folate (vitamini wa gulu la B) ndi mchere wa magnesium. Apa vuto si kusowa kwake, ndi kaphikidwe. Masamba owiritsa nthawi yaitali, madzi n'kutaya, asiya zabwino zambiri m'madzi otayidwawo. Soda amene timathira kuti ndiwo zifewe msanga amawononga mavitamini ena a gulu la B ndi vitamini C. Therere lopanda soda ndi nkhani yovuta kunyumba, ndikudziwa, ndipo kwathu ndinagonja; koma bonongwe ndi nkhwani sizifuna soda, zimangofuna madzi ochepa, moto wa kanthawi, ndi nsinjiro.

Nsinjiro ndiziyamikira mwapadera. Chimanga chili ndi niacin (vitamini B3) wochepa amene thupi lingamugwiritse ntchito, ndipo niacin akasowa kwambiri pamabwera matenda a pellagra: khungu limada n'kusupuka m'khosi ndi m'manja momwe mumawomba dzuwa, kutsekula m'mimba, kukhumudwa ndi kusokonezeka mutu. Mu 1990 anthu pafupifupi 18,000 mwa othawa nkhondo ya ku Mozambique amene anali kuno ku Malawi anadwala matendawa, mtedza utasiya kugawidwa pa chakudya chimene ankalandira. Sindikunena kuti chisoni cha wosiya fodya ndi pellagra. Ndikunena kuti munthu amene amadalira nsima ya ufa woyera ndi ndiwo zochepa, makamaka ngati amamwanso mowa kwambiri kapena ali pa isoniazid wa TB, amayamba ulendowu ali kale pamphepete, ndipo mtedza wodzaza dzanja tsiku lililonse umamuchotsa pamenepo. Sankhani wabwino, wowola ndi wachuku mutaye, chifukwa chuku chimenecho chimawononga chiwindi. Ndipo ngati n'kotheka, nsima ya mgaiwa ikhale yochuluka kuposa yoyera m'masabata amenewa. Ithandizanso kudzimbidwa, kumene ambiri amakumana nako akasiya fodya koma amachita manyazi kukutchula.

Zipatso muzidya tsiku lililonse. Utsi umatha vitamini C m'thupi, moti ku America amalangiza osuta kuwonjezera mamiligalamu 35 patsiku pamwamba pa mlingo wa anthu ena. Gwafa mmodzi wamkulu amapitirira mlingo wa tsiku lonse. Malambe, masau, mapapaya, mango, malalanje, chilichonse chimene chili pa nyengo yake. Vitamini C sachiza kukhumudwa, tisanamizane. Koma amathandiza thupi kuyamwa ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba, pamene tiyi womwera pa chakudya amatsekereza. Kuchepa kwa magazi kumabweretsa kufooka kofanana kwambiri ndi kukhumudwa, makamaka kwa amayi.

Pali kafukufuku wina waung'ono wa ku Duke University wa mu 2007, pomwe anafunsa osuta za zakudya zimene zimasintha kakomedwe ka ndudu. Iwo anati mkaka, zipatso, masamba ndi madzi zimaipitsa ndudu, pamene nyama, khofi ndi mowa zimaikometsa. Wosuta aliyense amene anadyapo kanyenya pabala avomereza.

Mowa ndiwo sindinyengerera. Mwezi woyamba ulekeni wonse, Chibuku, kachasu, wa m'botolo, onse. Umafooketsa chisankho chanu pamalo pomwe aliyense akusuta, umasokoneza tulo, ndipo tsiku lotsatira mtima umakhala pansi kuposa dzulo. Ngati mumamwa kwambiri tsiku lililonse mpaka kunjenjemera m'mawa, musasiye mwadzidzidzi panokha, zimenezo zimatha kugwetsa munthu khunyu. Pitani kuchipatala akuthandizeni kusiya.

Mabotolo a m'sitolo

Apa m'pamene ndalama zambiri zimatayikira, ndipo m'pamenenso pali ngozi zenizeni. Munthu wokhumudwa amagula chilichonse chimene chalonjeza mpumulo, ndipo ogulitsa a m'mabasi ndi pa WhatsApp amadziwa zimenezo. Tiyi wotsuka mapapo kulibe. Mapapo amadzitsuka okha utsi ukasiya kulowa, n'chifukwa chake ena amatsokomola kwambiri masabata oyamba.

Mapiritsi a beta-carotene apeweni. Ku Finland anayesa pa amuna osuta oposa 29,000, akuyembekeza kuti awateteza ku khansa, koma zotsatira za mu 1994 zinaonetsa kuti khansa ya m'mapapo inachuluka ndi 18 pa 100 mwa amene ankamwa mapiritsiwo. Kafukufuku wina ku America, wotchedwa CARET, amene munalinso anthu osiya kale kusuta, anaimitsidwa mu 1996 ataona kukwera kwa 28 pa 100. Maungu, karoti ndi mango, ngakhale ali ndi beta-carotene, alibe vuto limeneli, idyani momwe mungathere. Vuto ndi mlingo waukulu wa m'piritsi. Werengani kumbuyo kwa botolo lililonse lolembedwa kuti antioxidant, kapena la mavitamini a maso.

St John's wort ndi chitsamba chimene mukafufuza pa intaneti za kukhumudwa mudzachipeza patsamba loyamba, ndipo m'masitolo a mankhwala ku South Africa ndi ku Britain chimagulitsidwa popanda kalata ya dokotala. Kwa ife ndi choopsa kuposa momwe olemba a kunja amaganizira. Chimachititsa thupi kutaya msanga mankhwala ena, kuphatikizapo ma ARV monga dolutegravir, efavirenz ndi nevirapine, moti kachilombo kakhoza kudzuka n'kuyamba kupima mankhwalawo. Chimafooketsa mapiritsi olera. Chikaphatikizana ndi fluoxetine kapena mankhwala ena a maganizo chikhoza kuchulukitsa serotonin mpaka munthu kudwala mwakayakaya, ndipo mapiritsi a 5-HTP, amenenso amagulitsidwa kuti amakweza mtima, ali ndi ngozi yomweyi. Pa zonsezi, atachiyesa ngati chothandiza kusiya fodya, sichinaonetse phindu.

Amene muli pa ma ARV okhala ndi dolutegravir, amene ndi omwe anthu ambiri kuno akumwa tsopano, samalaninso ndi mapiritsi a calcium, ayironi, magnesium ndi zinc, mavitamini osakaniza okhala ndi zimenezi, komanso mankhwala a chilungulira monga magnesium trisilicate. Zimagwirana ndi dolutegravir m'matumbo n'kumulepheretsa kulowa m'magazi. Lamulo lake n'lakuti mumwe ARV maola awiri musanamwe zimenezi, kapena maola asanu ndi limodzi mutamwa. Funsani kuchipatala komwe mumalandirira mankhwala kuti akukonzereni nthawi yake. Ndikutsindika chifukwa magnesium ndi amene anthu akulimbikitsana kwambiri masiku ano kuti amagonetsa tulo.

Nanga alipo oyenera kugula? Ochepa, ndipo pa chifukwa chodziwika. Ayironi ngati anakuyezani magazi n'kupeza kuti ndi ochepa, osati mongoganiza. B12 ngati simudya nyama, nsomba, mazira kapena mkaka, kapena mwakhala zaka zambiri pa metformin wa shuga. Mafuta a nsomba a omega-3 amathandiza pang'ono kwa ena, koma umboni wake ndi wofooka, ndipo ndalama ya botolo limodzi ingakugulireni usipa wambiri. Vitamini D kuno kwathu dzuwa limatipatsa. Koma abale amene muli ku Britain, a zaumoyo a boma kumeneko (NHS) amalangiza mamaikilogalamu 10 patsiku m'miyezi yozizira, ndipo kwa anthu akhungu lakuda chaka chonse. Imwani chifukwa cha mafupa ndi thanzi lanu, osayembekeza kuti achotsa chisoni, popeza kafukufuku wamkulu wa mu 2020 ku America sanapeze kuti amateteza ku kukhumudwa.

Ngati muli ndi ndalama yoti mugule kanthu, ndi bwino kugula chimene chinatsimikizika kuti chimathandiza kusiya. Mu 2024 bungwe la WHO linatulutsa malangizo ake oyamba a chithandizo cha osiya fodya, ndipo linatchula chingamu ndi zigamba za chikonga, komanso mapiritsi a varenicline, bupropion ndi cytisine. Chingamu ndi zigamba zimachepetsa kukwiya ndi kukhumudwa kwa masabata oyamba chifukwa ubongo umatsika pang'onopang'ono. Bupropion anayamba ngati mankhwala a matenda ovutika maganizo, koma safunika kwa munthu wa khunyu, ndipo amafuna dokotala.

Pamene mbale siingathe

Pali kukhumudwa kwa kusiya fodya, ndipo pali matenda ovutika maganizo amene fodya ankangowaphimba. Koyambako kumabwera n'kupita mkati mwa tsiku; mukhoza kuseka masana n'kukhumudwanso madzulo, ndipo sabata iliyonse imapepukirako. Enawo sasuntha. Ngati padutsa masabata awiri mtima uli pansi pafupifupi tsiku lonse, tsiku lililonse, palibe chokusangalatsani, mukulephera kudzuka kupita kuntchito, kapena mukudziona ngati munthu wopanda ntchito padziko, usipa ndi nsinjiro sizikwanira. Ngati mwayamba kuganiza zodzipha kapena kuona ngati abale angapume mutachoka, uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, ndipo mupite naye kuchipatala lero lomwe. Amuna ndife amene timakhala nazo chete zimenezi mpaka mochedwa.

Amene munadwalapo matenda a maganizo m'mbuyomu, kaonaneni ndi achipatala musanasankhe tsiku losiya, ndipo mankhwala anu musawasiye. Pa zipatala za m'maboma pamakhala anamwino kapena madokotala oona za maganizo, ndipo mankhwala monga fluoxetine ndi amitriptyline amagwiritsidwa ntchito kuno. A St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, Zomba Mental Hospital ili ku Zomba. Ku Zimbabwe kuli Friendship Bench, kumene agogo ophunzitsidwa uphungu amakhala nanu pabenchi pa kiliniki. Ku Britain thandizo losiyira fodya la NHS ndi laulere.

Mukafika musangoti mutu ukupweteka kapena thupi likuphwanya, mudzabwerako ndi panado. Nenani mosabisa kuti munasiya fodya pa tsiku lakuti, mumasuta ndudu zingati patsiku, tulo ndi chilakolako cha chakudya zili bwanji, ndi maganizo amene akukubwererani. Pemphani akuyezeni magazi ngati ndi okwanira, komanso shuga. Mutenge buku lanu la kuchipatala, ndipo mabotolo onse amene mukumwa, a m'sitolo ndi a zitsamba omwe, muwaike m'jumbo adokotala akawaone okha.